Nyama Yopanda Fupa

Amuna anga anali Mngoni wa ku Ntcheu, ndipo nyama ankaidya ngati ali nayo pa mlandu. Fupa sankalisiya lisanalire. Ankalikukuta, kuliswa, kuyamwa mafuta a m'kati, kenako n'kuliika m'mphepete mwa mbale litayera mbee. Galu wa eni nyumba yathu anachita kuleka yekha kudikira pakhomo pathu, atazindikira kuti pamenepo palibe chake.

Ndiye mundimvetse ndikanena kuti tsiku limene munthu ameneyu analowa m'nyumba atanyamula makina ogayira nyama, n'kunena kuti kuyambira tsopano tizidya nyama yogaya, mtima wanga unakana. Sindinadziwe chimene unakana, koma unakana.

Nthawi imeneyo tinali ku Chintheche. Ine kwathu ndi ku Zomba, koma boma linanditumiza kukaphunzitsa ku Chintheche zipani zitachuluka, sukulu ya pulayimale itakhala yaulere, ana atadzaza mpaka pansi pa mitengo ya mango. Amuna anga ankagwira ntchito kuchipatala, kuona odwala ndi kuwalembera mankhwala. Sanali dokotala wa maphunziro onse aja, koma dera lonse linkawatchula kuti adokotala, ndipo iwo sankakana. Tinali ndi ana awiri aang'ono. Tinkachita lendi nyumba ya mayi wina wachitonga, wamasiye, amene ankakhala kuseri kwa kamunda ka chinangwa kamene kanali pakati pa nyumba yake ndi yathu. Mayi ameneyu ankaona chilichonse chochitika kwathu popanda kudzutsa mutu pa lichero lake.

Ku Chintheche ndiwo ndi nsomba ndi chigwada. Nyama ya ng'ombe sinali ya tsiku lililonse. Ng'ombe inkaphedwa pamsika pakati pa sabata, ndipo ukachedwa unkangopeza ziboda ndi ntchentche. Chifukwa chake Lachitatu linali tsiku lathu la nyama. Amuna anga ankatuluka kuchipatala masana, kukasankha okha pamene pali fupa labwino, n'kudzandisiyira. Koma Lachitatu limenelo anabwera ndi mnofu wokhawokha, wopanda fupa ngakhale limodzi.

Makina aja anali achitsulo, olemera, akale, omangirira pathebulo. Unkaponya nyama pamwamba, kupukusa chogwirira, nyamayo n'kumatuluka kutsogolo ngati nyongolotsi. Ana anakondwa kwabasi, mpaka kukanganirana kupukusa. Ine ndinangoima potero manja ali m'chiuno. Kenaka amuna anga, amene chikwatirane sindinawaonepo akuphika china choposa tiyi, anayamba kundiuza kaphikidwe. Anati ndinyike buledi wogona m'mkaka, ndimufinye, ndisakanize ndi nyamayo pamodzi ndi dzira ndi mchere. Ndiumbe timibulu, nditiphwatalitse ndi chikhatho, nditikazinge pachiwaya mpaka tifiire mbali zonse, kenako nditichotse. M'mafuta omwewo ndiikemo anyezi ambiri odula mozungulira, moto ukhale wochepa, asapserere koma afewe mpaka asanduke ofiirira. Ndiwaze ufa wa tirigu pang'ono, ndithire madzi, msuzi ukhathamire, ndiye nditibwezeremo timibulu tija tibwate pang'onopang'ono.

Ine ndine mphunzitsi. Ndimadziwa mwana akamayankha za m'mutu mwake, ndimadziwanso akamayankha zimene wina wamulowezetsa. Amuna anga ankalankhula ngati mwana woloweza. Anafika mpaka ponena kuti anyezi safuna munthu wopupuluma, ndipo mawu amenewo sanali awo ngakhale pang'ono. Anali mawu a mkazi.

Chimene chinandikwiyitsa kwambiri n'chakuti chakudyacho chinakoma. Ndinafuna chipserere, kapena ana achikane, koma ayi. Fungo la anyezi linadzaza nyumba, kutulukira pawindo, kuoloka chinangwa, mpaka eni nyumba aja anafunsa chapatali ngati kwathu kwabwera alendo. Ana anachitcha dzina lakuti zitumbuwa za nyama, ndipo anapukuta mbale ndi zala. Inenso, ndinene zoona, ndinaonjezera. Unali mtundu wa chakudya chimene chimakukhazika pansi ukaweruka mutu uli waukulu ndi phokoso la ana a sitandade 3. Koma ndinkachidya ngati ndikudya m'mbale ya munthu wina.

Pa ukwati wanga azakhali anandilangiza kuti mwamuna akasintha malaya usavutike, koma akasintha kadyedwe, funsa kumene walawa. Nthawi imeneyo ndinaseka. Ku Chintheche sindinaseke. Ndinawafunsa amuna anga kumene makinawo achokera, ndipo anati anawagula kwa wophika wina wa pamalo ogona alendo ku Kande, amene anabwera kuchipatala atapsa ndi mafuta padzanja. Ndinafunsa ngati wophikayo ndi mwamuna kapena mkazi. Anayankha kuti ndi wophika, n'kutsegula wailesi.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kuwayang'anitsitsa, ndipo munthu ukayamba kuyang'anitsitsa supita pachabe. Ndinaona kuti tsabola wa kambuzi, amene kale ankamutafuna ngati mtedza, anamusiya. Ndinaona kuti nsima akungoinyonyola, akufuna mpunga wa ku Limphasa wophikidwa mofewa, wapafupi ndi phala. Batala, nsomba imene ankaitama kwa aliyense wochokera kumwera, anayamba kuikankhira kwa ana. Masana analeka kubwera kudzadya, ati odwala achuluka. Madzulo ankadya pang'onopang'ono, kapu ya madzi ili pafupi, ngati munthu amene wakhuta kale kwina koma akuchita ulemu. Pa zitumbuwa za nyama pokha m'pamene ankamaliza mbale. Posakhalitsa anayamba kupempha kuti zisamakhale za Lachitatu lokha. Anagwirizana ndi mnzawo wa golosale amene anali ndi firiji kuti azitisungira nyama, kuti tizidya chakudyachi kangapo pa sabata.

Eni nyumba aja nawo anali ndi dandaulo lawo. Kale ankati akaphika kondowole, nsima ya chinangwa ija, ankatumiza mbale kwathu, chifukwa amuna anga ankaikonda, ndipo ankanyadira kuti anaphunzira kuimeza osatafuna ngati Mtonga weniweni. Tsopano mbale inkabwerera ili momwemo. Tsiku lina ndikuyanika zovala, mayiwo anandiyandikira, akulankhula Chichewa chawo chokoka cha kunyanja.

"Ama, adokotala ndawalakwira chiyani? Kondowole wanga akumukana. Ndiponso mwaliona lamba lawo? Aboola bowo lina."

Lamba ndinali nditaliona. Galu wamkota sakandira pachabe, ndipo mayiwo ndinadziwa kumene akuloza. Zaka zimenezo mwamuna akayamba kuonda anthu sankafunsa kuti akudwala chiyani, ankafunsa kuti akuyenda ndi ndani. Tinali titaika anzathu ambiri m'manda, aphunzitsi ndi anamwino omwe. Ndiye mantha anga anakhala awiri m'thumba limodzi. Ndinkaopa kuti pali mkazi amene akundilanda mwamuna, ndinkaopanso kuti mkaziyo wamupatsa kale chimene chidzatilande tonse. Ndinkagona nditayang'ana kukhoma. Iwo ankaona, koma sankafunsa, ndipo kusafunsako ndinakuwerenganso ngati umboni.

Kandimverere anakanena za m'maluwa. Loweruka lina ndinavala chitenje changa chabwino, ndinauza ana kuti ndikukagula nsomba, n'kukwera minibasi ya ku Kande. Sizinandivute kupeza malowo. Ndinangofunsa za wophika amene anapsa dzanja, anthu n'kundilozera kukhitchini ya kuseri kwa malo ena ogona azungu.

Anali mkazi, monga ndinadziwira. Wonenepa bwino, woyera mano, atavala epuloni yosita ngati akupita kutchalitchi. Padzanja lake lamanja panali chipsera chonyezimira. Nditanena kuti ndine mkazi wa adokotala, anasangalala ngati waona m'bale wake. Anandikhazika pampando, anandipatsa tiyi wamkaka m'kapu yokhala ndi kambale kake, anatama amuna anga kuti ali ndi dzanja lofewa posambitsa bala. Ine ndinkangoti zikomo, ndikumuyeza kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Ndinkafuna ndione manyazi pankhope pake, koma sindinawaone, ndipo ndinaganiza kuti ndi katswiri. Kenaka anafunsa ngati makina aja akugwira bwino ntchito, n'kuonjezera malangizo.

"Muzithira msuzi wambiri, mama. Iwo aja amafuna chofewa. Mukaona kuti n'kotheka, nyamayo muziigaya kawiri."

Mkazi wina kundiuza ine chimene amuna anga amafuna. Ine amene ndinawaphikira kuyambira ali ndi buluku limodzi. Ndinaika kapu pansi mosamala kwambiri, chifukwa dzanja linkafuna kuchita zina. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata, choncho ndinathokoza, ndinatsazika, n'kutuluka. Nsomba ndinaiwala kugula. M'minibasi pobwerera kondakitala anandifunsa kawiri kumene ndikutsikira ndisanamumve.

Sindine munthu wofunsa mafunso amene yankho lake lingakhale kutsegula wailesi. Ndinaganiza zowayesa. Makina aja anali ndi kampeni kakang'ono m'kati, kooneka ngati mtanda, ndipo popanda iko nyama siigayika. Ndinakachotsa n'kukabisa m'chikwama changa cha kusukulu, pakati pa choko. Lachitatu litafika ndinapempha mphunzitsi mnzanga kuti andionere kalasi, ndinathamangira kumsika amuna anga asanafikeko, ndinasankha nthiti ndi nyama ya pamwendo yokhala ndi fupa lake. Ndinaiphika monga ndinkaphikira kale, zidutswa zikuluzikulu, yowauma pang'ono, tomato wochepa, kambuzi pambali. Maganizo anga anali akuti ngati adya, ndiye kuti mwamuna wanga akadalipo. Akakana, ndiye kuti pakamwa pawo pagulidwa, ndipo tikambirana zimenezo pamaso pa ankhoswe.

Amuna anga anafika dzuwa likadalipo. Atamva fungo anaima pakhomo, n'kufunsa za makina. Ndinati kampeni kasowa, mwina ana akataya. Anayang'ana ana, ana anayang'ana ine. Anasamba m'manja n'kukhala pansi.

Ndinawaikira chidutswa chabwino koposa, chimene kale akanachilandira ndi nthabwala. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anandiyang'ana ine, ndipo ndikhulupirira anaona pankhope panga kuti iyi si ndiwo chabe. Anadula kachidutswa, anaika m'kamwa, anatafuna. Anatafuna mpaka ana anamaliza nthongo zingapo iwo akadatafunabe. Ine mumtima ndinkati taonani, nyama ya mkazi wawo yasanduka mankhwala owawa. Anameza. Anatenga kapu ya madzi n'kumwa, ndipo madziwo anabwerera, kutulukira m'kamwa ndi m'mphuno, kunyowetsa malaya. Anadzuka mwachangu, mpando n'kugwa, natuluka kulowera kuseri kwa khitchini.

Ndinauza ana kuti apitirize kudya, ine n'kuwatsatira. Mawu ndinali nawo okonzeka, ndinali nditawanola kuchokera ku Kande. Ndinawapeza atagwira khoma ndi dzanja limodzi, ataweramira pansi, dovu likutsika ngati la mwana womera mano. Sankasanza ngati munthu wokhuta. Ankalimbana ndi chinthu chimene sichinkafuna kutsika kapena kukwera. Maso anali atafiira, misozi ikutuluka yokha. Ndi dzanja linalo ankamenya pachifuwa, pakati penipeni.

"Yaima apa," anatero ndi mawu otsamwa.

Ndinawamenya kumsana, sindikudziwa ngati zinathandiza. Patapita nthawi kanyama kaja kanatuluka. Kanali kakang'ono zedi, kotafunidwa bwino, koti ngakhale mwana wathu wamng'ono akanakameza osaganizako. Ndinakayang'ana pansi pamenepo, ndipo mawu anga onse onola aja anathawa.

Anakhala pakhonde la khitchini akupuma movutika. Atapeza mpweya anandiuza zonse, osandiyang'ana. Anati zinayamba nthawi ya mvula. Poyamba inali nyama yokha, inkaima pang'ono kenako n'kutsika ndi madzi. Kenaka kondowole, chifukwa amamezedwa wathunthu. Kenaka nsima. Masana sankadya kwina kulikonse, ankangomwa tiyi muofesi chitseko chili chotseka, kuti anzawo asaone. Magazi anali atayezetsa mwakachetechete, ndipo matenda amene ine ndinkaopa analibe. Za mayi wa ku Kande anati pomumanga bala anangomufunsa kuti azungu okalamba opanda mano amawaphikira nyama yotani, iye n'kuwalongosolera, n'kuwagulitsa makina akale amene ankangokhala m'sitolo.

Ndinafunsa kuti nanga bwanji osapita kukaonedwa, iwo amene amagwira ntchito m'chipatala momwemo.

"Mayi, anthu otere ndawaona ambiri," anatero. "Amabwera akuloza pomwe ndikulozapa. Ine ndi amene ndimawatumiza ku Mzuzu. Ndimadziwa mmene amabwerera."

Ndinakwiya. Ndinakwiya kuposa mmene ndinakwiyira ku Kande, ndipo mkwiyo umenewo mpaka lero sunathe wonse. Ndinawauza kuti ndi munthu wouma mtima, kuti anandisiya ndikudana ndi mkazi wosalakwa, ndikugona moyang'ana khoma, pamene iwo akudzikumbira okha dzenje m'nyumba mwanga momwe. Ndinawafunsa ngati ankaganiza kuti ndine mwana woti n'kumupusitsa ndi anyezi. Ankangovomera ndi mutu. Anati ankafuna tidye bwino kwa kanthawi, ana akukanganirana kupukusa makina, popanda wina kumawayang'ana pakhosi. Anati tsiku limene ndidzadziwe, chakudya chidzasanduka ntchito. Pamenepo sananame.

Eni nyumba aja anali ataima m'chinangwa mwawo ndi lichero m'manja. Kwa nthawi yoyamba chibwerere chathu, anatembenuka n'kulowa m'nyumba mwawo osafunsa kanthu.

Sabata yotsatira ndinawakokera ku Mzuzu, iwo akukana ine ndikukoka, ndipo zimene madokotala a kumeneko anatiuza ndi zomwe amuna anga ankadziwa kale, kuti inali khansa ya kum'mero. Koma madzulo a Lachitatu lija tinali tisanamve zimenezo, ndipo munthu anali asanadye. Ndinalowa m'nyumba, ndinatulutsa kampeni kaja m'chikwama, ndinakatsuka choko. Ana anandiyang'ana, ine ndinawayang'ananso. Ndinachotsa nyama yophika kale ija pamafupa, ndinaigaya, n'kuigayanso kachiwiri monga ananenera mayi wa ku Kande. Ndinakolezanso mbaula. Ndinadula anyezi onse amene anali m'nyumba, ndinawasiya afewe pamoto wochepa, osawapupulumitsa. Timibulu ta nyama yophika kale sitigwirana bwino, tinkangophwasuka m'chiwaya, koma tsiku limenelo kuphwasukako kunali kwabwino. Msuzi ndinathira wambiri.

Ndinawapititsira pakhonde pomwepo, ndinakhala pansi pafupi nawo. Anali atavula malaya onyowa aja, ndipo ndinaona mapewa awo bwinobwino, mmene anatsalira. Mkazi amene ndinamuopa miyezi yonseyo kunalibe. Ndikanayenera kupepukidwa mumtima, koma m'malo mwake ndinamulakalaka.

"Bwenzi akanangokhala mkazi uja," ndinatero.

"Mukanatani?"

"Ndikanamuthyola mwendo, inu n'kukubwezani kunyumba."

Anaseka pang'ono, mosamala, dzanja lili pachifuwa. Kenaka anatenga supuni n'kuyamba ndi msuzi, ine ndikuyang'ana pakhosi pawo kuti ndione ngati utsike. Tsiku limenelo unatsika.